Madzi Anafika M'mawondo

Kuli dziko lina lotchedwa Palibekanthu. Musandifunse njira yake, chifukwa mlatho wopitira kumeneko unapita ndi madzi, ndipo umene analonjeza kumanga ukadali m'kamwa mwa nduna. Dzikolo limalamulidwa ndi Mfumu Salakwa Wachinayi, mwana wa Salakwa Wachitatu, amenenso sanalakwepo chibadwire. Anthu ake akamulankhula amati Mwini Dziko, ndipo amalankhula atagwada.

Chaka chimene ndikunenachi kunaomba namondwe. Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osapumira, mapiri anasanza miyala, ndipo mtsinje wa Ndakuuzani unasiya njira yake n'kuyamba kuyendera anthu m'makomo. Unatenga milatho, nkhokwe, ng'ombe, matchalitchi, ngakhale manda sunawasiye. Madzi ataphwa, Bwalo la Nduna linakhala pansi sabata yathunthu kufunafuna chochita, ndipo linachipeza. Linaletsa mawu akuti namondwe. Kuyambira tsiku limenelo, chimene chinachitikacho chinatchedwa Mvula Yowonjezerako Pang'ono. Anthu anathokoza kwambiri, poti ambiri mwa iwo ankaganiza kuti aona tsoka.

M'dziko lomwelo munali bambo wina, a Lemisoni Kachipande, kapitawo wa zokonzakonza pa Yunivesite ya Nzeruzayekha. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito pamenepo, kukhoma malata, kutsegula mipope yotseka, ndipo koposa zonse kupaka laimu. Paja ku Palibekanthu akati kukubwera mlendo wamkulu, chilichonse chimene sichingathawe chimapakidwa laimu: miyala ya m'mbali mwa msewu, matsinde a mitengo, ngakhale chulu. Akuti chaka china anapaka mlonda amene anagona chokhala pageti. A Lemisoni sanali munthu wa makani ayi. Mawu awo anali awiri basi, "Chabwino bwana," ndipo ndi mawu awiri amenewo analera mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndaziona, mpaka kumufikitsa chaka chachitatu pa yunivesite yomweyo. Ankamunyadira mwanayo moti akamuona akudutsa ndi mabuku, ankatsika pamakwerero n'kuvula chipewa ngati kwadutsa bwana.

Yunivesiteyo anaimanga pamtsetse, motsata ulemu wa anthu. Pamwamba penipeni panali Nyumba ya Pamwamba, maofesi a akuluakulu. Kutsikirako kunali laibulale, kenako makalasi, kenako chipinda cha zasayansi. Kumunsi kwenikweni, pamene achule amachitira misonkhano, m'mphepete mwa Ndakuuzani, kunali hositelo ya atsikana yotchedwa Gonanibwino.

Mvula Yowonjezerako Pang'ono ija inalowa m'Gonanibwino osaodira. Atsikana amene anafulumira anakwera pamitanda ya denga, anang'amba lata, n'kukhala pamwamba masiku awiri akunyowa. Ndaziona anali mmodzi wa iwo, ndipo anamutsitsa ndi bambo ake, ndi makwerero awo a ntchito. Atsikana asanu ndi awiri sanafike padengapo. M'kaundula wa yunivesite analemba kuti anajomba popanda chilolezo, ndipo makolo awo analandira makalata owachenjeza kuti khalidwe lotere lisadzachitikenso. A Lemisoni anaona ndi maso awo pamene madzi analekezera: chikhatho chimodzi pamwamba pa chitseko.

Koma maso a kapitawo si sayansi. Mfumu inakhazikitsa Komiti Yoyeza Kutalika kwa Madzi, ndipo wapampando wake anali mkulu wa yunivesite, Pulofesa Mwalasa. Dzina lake lenileni anthu analiiwala. Ili analipeza chifukwa Mfumu ikangotsegula pakamwa, ngakhale kuyasamula, iye ankafuula kuti, "Mwalasa, Mwini Dziko!" Komitiyo inatsika kuchokera ku Nyumba ya Pamwamba itanyamula tepi yoyezera, inafika pamasitepe a laibulale, n'kuima. Kupitirira apo kunali matope, ndipo nsapato za Pulofesa zinali zogula kunja. Anayeza pomwepo, napeza kuti madzi anafika m'mawondo. Mfumu inadinda chidindo, ndipo linakhala Lamulo Loyamba: m'dziko lonse la Palibekanthu madzi anafika m'mawondo. Wonena zosiyana ndi zimenezi ankazengedwa mlandu wokweza madzi popanda chilolezo, ndipo chilango chake chinali zaka zitatu.

Moyo unayambiranso, poti moyo sudikira komiti. Pamene panali mlatho, amuna amphamvu ankaolotsa anthu pamsana, ndipo wailesi ya Mfumu inalengeza kuti boma latsegula ntchito zatsopano mazana atatu. Thandizo linafikanso. Banja lililonse linalandira bulangete la nkhope ya Mfumu, lokongola zedi, kungoti kunali koletsedwa kuligonera, kulipinda pankhope, kapena kufunditsa mwana wokodza pogona. Mbewu ya chimanga inabwera mu Juni, fumbi lili koboo, anthu n'kuitsuka mankhwala, n'kukazinga. Ku msika wa Tingopirira amayi anayala malonda awo pamwamba pa mchenga umene unakwirira msika wakale. Wogula akadandaula kuti tomato wakwera mtengo, ankamuyankha kuti, "Sanakwere, achimwene. Wangofika m'mawondo."

Nayo yunivesite inayamba kuchira mwa njira yake. Mabuku a m'laibulale anayanikidwa padenga ngati mfutso, ndipo amene anagwera pansi mbuzi zinawawerenga mpaka tsamba lomaliza. M'chipinda cha zasayansi anapezamo milamba itatu yamoyo. Aphunzitsi anachita msonkhano wokambirana ngati aifufuze kapena aiotche, ndipo mbali ya kuotcha inapambana ndi mavoti ambiri. Chodabwitsa china n'choti madzi ataphwa, chiwerengero cha madokotala a maphunziro chinakwera kawiri, chifukwa aliyense ankati mapepala ake anakokoloka.

Kenako kunabwera Lamulo Lachiwiri: zonse zibwerere mwakale. Tsiku lomwelo Pulofesa Mwalasa anaitanitsa a Lemisoni ku ofesi yake. Iwo anavula nsapato pakhomo kuti asade kapeti, n'kuima chipewa chili m'manja.

"A Kapitawo," anatero Pulofesa osawayang'ana, "Mwini Dziko akubwera sabata zitatu zikubwerazi kudzatsegulanso sukulu. Adzadula riboni pa khomo la Gonanibwino. Ndamva kuti pamakoma ena pali mzere."

"Ulipo, bwana. Makoma takwecha ndi mchenga, ayera ndithu. Koma mzere wa pamene madzi analekezera wakana. Ndi wakuda, wa mafuta ndi zinyalala, unalowerera m'simenti."

"Mzere umenewo ukusokoneza anthu. Mfumu isadzauone. Muupake laimu paliponse pamene uli. A Dipatimenti ya Masamu awerengetsera kale, mulandira matumba anayi."

"Chabwino bwana."

Apa n'pamene a Lemisoni ankayenera kutuluka, monga ankachitira zaka zonsezo. Koma miyendo inakana.

"Pepani bwana, nanga atsikana azikagona kuti?"

Pulofesa anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana ngati mpando walankhula. "Kumene ankagona. Kapena Lamulo Lachiwiri simunalimve? Wokana kugona m'Gonanibwino ndiye kuti akufalitsa mantha, ndipo wofalitsa mantha malo ake pa sukulu pano palibe. Pali funso lina?"

"Ayi. Chabwino bwana."

Anatuluka mtima ukuwawa, ndipo anadzida okha. Anavala nsapato zawo, natsetsereka kupita ku Tingopirira kumene akazi awo, Nagama, ankagulitsa tomato ndi mpiru. Ndaziona anali pambali pa mayi ake, akuyesa kumatula masamba a buku lofufuma ndi madzi. Chichokereni padenga paja mtsikanayu anasiya kuseka. Wina akangotsegula mpopi mwamphamvu, iye ankadzidzimuka n'kuyang'ana kumwamba.

Nagama anangoona nkhope ya amuna ake n'kudziwa. "Bambo a Ndaziona, nkhope imeneyo ndi ya chabwino bwana. Mwavomera chiyani lero?"

Anafotokoza zonse, motsitsa mawu.

"Ha! Ndiye mwana wanga akalowenso mumphika womwe uja?"

"Ndi lamulo, Nagama."

"Lamulolo limadziwa kusambira?"

Mayi wina wogulitsa nyemba pambali pawo anatsokomola. "Tsitsani mawu, amzanga, mungakweze madzi."

"Ndikweze ine? Anakwera okha, sanandipemphe!" anatero Nagama, koma anatsitsa ndithu, poti zaka zitatu si masewera. Anatembenukira kwa amuna ake. "Madzi saiwala khwawa, inu mukudziwa. Mvula ikubwera Novembala. Munamutsitsa nokha padenga mwanayu, milomo itayera ngati wamwa phulusa. Lero mukukapaka laimu kuti akamulowetsenso bwinobwino. Pitani, kapakeni. Mupakenso ndi ine ndemwe, Mfumu isadzaone kuti ndine mayi wa munthu."

Amene anayankha ndi Ndaziona, maso ali pabuku.

"Ndipita, ababa. Kwatsala chaka chimodzi, sindingataye zonsezi. Bedi langa ndi lachitatu kuchokera pakhomo. Lachinayi linali la Elube, amene sanafike padenga paja, sindikudziwa kuti aikapo ndani." Anamatula tsamba lina, linang'ambika. "Ndizikagona nditavala nsapato. Ulendo uja ndinachedwa n'kuzifufuza."

Mawu amenewo anawalasa a Lemisoni kuposa chipongwe chonse cha akazi awo. Anafuna kulira pakati pa msika, munthu wamkulu, kapitawo wathunthu. M'malo mwake anatola tomato amene anagubuduka, n'kumubwezera pamulu.

M'mawa mwake analandira matumba anayi aja. Laimu wopaka miyala ya mumsewu ndi mitengo anali wapadera, matumba makumi anayi, ndipo kumugwira unali mlandu. A Lemisoni anayenda ndi chingwe kuyeza makoma onse kuyambira pa laibulale mpaka ku hositelo, anawerengera pazala, n'kuona kuti matumba anayi sangaphimbe makoma kuchokera pansi mpaka pamzere. Anthu a Masamu aja sanalakwitse, kungoti anawerengetsera khoma lofika m'mawondo. Choncho anakweranso mtsetse, navulanso nsapato.

"Bwana, laimu achepa."

"Achepa bwanji, popeza awerengetsa ndi madokotala?"

"Kumunsiku mzere uli pamwambako pang'ono, bwana."

Pulofesa anaika cholembera pansi mofatsa. "A Kapitawo, ndimve bwino. Mukunena kuti madzi anapitirira mawondo?"

"Ayi bwana! Ine? Ayi ndithu."

"Ndiye kuti laimu akwana."

"Chabwino bwana."

Tsono munthu wapatsidwa matumba anayi ndi lamulo lakuti mzere usaoneke, achitenji? A Lemisoni anachita zimene mmisiri aliyense wosamala angachite. Anasiya khoma lonse, n'kupaka mzere wokhawo. Anayambira pa laibulale, bulashi kawiri m'lifupi, mowongoka bwino, poti dzanja lawo linali lodziwika. Pulofesa anatsika mpaka pamasitepe ake aja, anaona kamzere koyera konga lamba kakudutsa m'mawondo, n'kunena kuti, "Mwaona? Sayansi sinama." Anabwerera kukaloweza zokalankhula pamaso pa Mfumu, ndipo kumunsi sanapondekonso.

A Lemisoni anapitiriza. Pamakalasi anapaka ataimirira. Pa chipinda cha zasayansi anapaka atakweza mkono. Pa Gonanibwino anatenga makwerero, omwe aja anatsitsira mwana wawo. Kunena zoona, kufikira pamenepo sankaganiza china chilichonse koma kusunga laimu. Koma atamaliza khoma loyamba la hositelo anatsika, anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati mzere wawongoka. Mzere wakuda uja munthu ankachita kuufufuza ndi maso. Uwu woyerawu unkawala mbee, kuonekera mpaka kutsidya la mtsinje. Ukayang'ana kumtunda, unkauona ukuyenda mosapindika kuchokera m'mawondo a laibulale, kudutsa m'chiuno mwa makalasi, mpaka kudzakhala pamwamba pa chitseko cha ana. Ngakhale mbuli yosadziwa "a" ikanawerenga.

Anachita mantha, ndipo mantha ake anali aakulu. Akanatha kutunga madzi n'kutsuka laimu asanaume. Akanatha kunena kuti bulashi yathyoka. Anaima pamenepo nthawi yaitali, ndowa ili m'manja, akuganiza za ndende, za ntchito yawo, ndi za nsapato za Ndaziona. Kenako anasuntha makwerero, n'kuyamba khoma lachiwiri.

Tsiku la Mfumu linafika. Miyala inali mbee, mitengo mbee, chulu cha pageti mbee, ndipo mlonda anakhala maso. Anthu a ku Tingopirira anatengedwa pamalole kuti adzakondwere mwa kufuna kwawo. Aphunzitsi anavala mikanjo yawo, ina ikununkhabe nkhungu. Mfumu Salakwa inatsika m'galimoto pa Nyumba ya Pamwamba. Inali munthu wamfupi, wa chisoti chachitali chothandizira msinkhu.

"Ana anga," inatero Mfumu, "mvula inabwera kudzatiyesa, koma yabwerera kwawo itachita manyazi. Taonani sukulu yanu! Palibe chimene chasintha!"

"Mwalasa, Mwini Dziko!" anafuula Pulofesa, ndipo anthu anaomba m'manja. Mayi wa nyemba uja ananong'oneza Nagama kuti pamenepo pokha Mfumu yanena zoona.

Ulendo wotsika kukadula riboni unayamba. Amuna anayi ankayala kapeti kutsogolo kwa Mfumu, ena anayi akupinda kumbuyo n'kuthamanga nayo kutsogolo. Pa laibulale Mfumu inaona kalamba koyera, n'kugwedeza mutu mokhutira. Pamakalasi inakayang'ananso. Pa chipinda cha zasayansi inachepetsa liwiro. Pulofesa, amene ankaona zimenezi koyamba, anayamba kutuluka thukuta m'khosi. Atafika pa khomo la Gonanibwino, pomwe riboni inali itamangidwa, Mfumu inatsatira mzerewo ndi maso, inakweza mutu, inakwezabe, mpaka chisoti chinagwa chagada.

Ng'oma zinaleka zokha. Anthu a ku Tingopirira onse ankadziwa chimene akuona, chifukwa aliyense anali ndi mzere wake kunyumba. Chakumbuyo kwa gulu mayi wina, amene analandira kalata ya kujomba ija, anayamba kulira chapansipansi atatseka pakamwa ndi chitenje.

"Pulofesa," inatero Mfumu, "chimenechi n'chiyani?"

"Mwini Dziko, amene angafotokoze bwino ndi kapitawo amene anapaka."

Asilikali awiri anawakankhira kutsogolo a Lemisoni, ndipo anagwada pakapeti, laimu ali m'zikhadabo. Chilungamo chinali pakhosi, chikufuna kutuluka. Koma anadziwa kuti akachitulutsa, madzulo omwewo akagona kundende, khoma lipakidwa lonse, ndipo Ndaziona akagonabe pa bedi lachitatu. Anayang'ana pansi.

"Mwini Dziko, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Anandiuza kuti ndipake pamene pali mzere, ine n'kupaka. Matanthauzo a zinthu pa sukulu pano amadziwa ndi a Pulofesa."

Maso onse anabwerera kwa Pulofesa Mwalasa. Tsono taganizani inu. Anene kuti ndi pamene madzi anafika? Ndiye kuti wakweza madzi pamaso pa Mfumu, iye amene anawatsitsa ndi tepi yake. Koma munthu safika pa upulofesa ku Palibekanthu popanda lilime. Anakonza mkanjo, n'kutambasula manja.

"Mwini Dziko, ameneyu ndi Lamba wa Ulemu! Ndi mphatso ya yunivesite kwa inu. Taonani mmene akuyendera. Pamene munayamba ulendo anali pansi, koma phazi lanu likamapita patsogolo, lamba akukwera. Ndi chithunzi cha ufumu wanu. Nyumba imene ili ndi lamba wapamwamba ndiyo yalandira ulemu waukulu koposa."

Nkhope ya Mfumu inamasuka. Inamwetulira, nduna zinamwetulira, ng'oma zinayambiranso. Wina anatola chisoti n'kuchipukuta. Mfumu inatenga lumo kuti idule riboni, koma inaima lumo lili m'malere. Inatembenuka n'kuyang'ana kumtunda.

"Nanga Nyumba ya Pamwamba ija, lamba wake ali kuti? Sindinamuone."

"Kumeneko kulibe, Mwini Dziko, chifukwa..."

"Kulibe? Ndiye mukundiuza kuti ulemu wanga waukulu mwaupereka kwa ana, tiatsikana tosamaliza n'komwe sukulu, pamene akuluakulu, madokotala anga, mukukhala m'nyumba yopanda lamba? Mwambo umenewu ndi wakuti?"

"Tipaka mawa lomwe, Mwini Dziko! Tipaka mpaka kudenga!"

Mfumu inayang'ana kwa a Lemisoni, amene anali chigwadire. "Iwe kapitawo, laimu alipo?"

"Watha, Mwini Dziko. Anali matumba anayi, owerengetsa madokotala."

"Mwamva," inatero Mfumu. "Laimu ndi wovuta kupeza, koma anthu savuta kusamutsa. Lembani Lamulo Lachitatu. Kuyambira lero akuluakulu onse a sukulu ino, kuyambira Pulofesa, maofesi awo akhale muno, pansi pa lamba wamkulu. Anawa apite kumtunda kopanda ulemu kuja, akayambe akhetsa thukuta. Ulemu sagawa ngati mabulangete."

Wina angafunse kuti nanga Lamulo Lachiwiri lija, lakuti zonse zibwerere mwakale? Amene angafunse choncho sakudziwa Palibekanthu. Kumeneko Mfumu sisintha maganizo, imangowonjezera.

Aliyense anadikira mawu a Pulofesa. Anatuluka ndithu, koma anatuluka ngati a mwanapiye wonyowa. "Mwalasa, Mwini Dziko."

Riboni inadulidwa. Nthungululu imene inachokera kwa amayi a ku Tingopirira tsiku limenelo inali yeniyeni, yoyamba m'mbiri ya ufumuwo, moti Mfumu inakhudzidwa mtima n'kulamula kuti Lamba wa Ulemu apakidwe m'dziko lonse pamene pali mzere wotere. Anthu anamvera lamulo limeneli mwachangu chodabwitsa. Pasanathe mwezi, munthu akafuna malo omanga nyumba ankayamba wayang'ana lamba wa nyumba zoyandikana nazo, ndipo akapeza kuti ulemu wa pamalopo wapitirira m'chiuno, ankati, "Ine ndine munthu wamba, ulemu wotere sindingaukwanitse," n'kukamanga kumtunda.

Sabata yomweyo a Lemisoni ndi anthu awo anasenza madesiki kutsika nawo, n'kusenza mabedi kukwera nawo. Nagama sanapepese pa mawu ake aja, si khalidwe lake. Anangowaikira amuna ake tomato wamkulu pambali, wosagulitsa, n'kunena kuti, "Kani chabwino bwana wanuyu nthawi zina amaluma."

Novembala anafika. Tsiku lina masana, mitambo yakuda inaunjikana kumapiri kumene Ndakuuzani amachokera, ndipo mphepo inayamba kununkha dothi. Pulofesa Mwalasa anaitanitsa a Lemisoni ku ofesi yake yatsopano. Desiki yake inali pamene panali bedi lachinayi kuchokera pakhomo. A Lemisoni anawerama kuti avule nsapato.

"Ayi, ayi, lowani nazo, a Kachipande. Khalani pampando."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mpando anaupatsidwa tsiku limenelo. Pulofesa anatseka chitseko, anasuzumira pawindo kuyang'ana mtsinje, n'kubwera kudzakhala pafupi. Anali ataonda.

"Achimwene, tili awiriwiri muno. Palibe amene akumva. Inu munalipo nthawi ija." Anatsitsa mawu. "Madzi aja anafika pati kwenikweni?"

A Lemisoni anakweza maso kudenga. Lata limene atsikana anang'amba linali pamwamba pa mutu wa Pulofesa, ndipo chigamba chake anakhoma okha. Anakumbukira makalata asanu ndi awiri aja. Chisoni anamumvera munthuyo, pang'ono, koma mkwiyo unali wochuluka.

"M'mawondo, bwana."

"Ndikunena zoona zake, a Kachipande."

"Zoona zake munayeza ndinu, bwana, ndi tepi. Ine ndani kuti ndikweze madzi?"

Dontho loyamba linagunda palata, kenako lachiwiri. Pulofesa anadzidzimuka n'kuyang'ana kumwamba. A Lemisoni anaimirira, anavala chipewa, n'kutuluka. Makwerero awo anawasiya m'khonde atatsamira khoma, moyang'anana ndi chigamba chija, chifukwa m'nyumbamo munalinso makalaliki ndi amayi osesa, ana a anthu amene sanayezepo kanthu.

Anakwera mtsetse mvula ikuwamenya, kudutsa chipinda cha zasayansi, makalasi, laibulale, lamba woyera akutsika pambali pawo mpaka kutheratu. Ku Nyumba ya Pamwamba anapempha mayi woyang'anira atsikana kuti angomuona mwana wawo, amusiyire ambulera. Mayiyo anawatsogolera ku chipinda chimene kale chinali ofesi ya Pulofesa, n'kukankha chitseko pang'ono.

Mvula inali ikusokosera padenga ngati akukhuthula miyala. Ndaziona anali atagona tulo tamasana, buku lili pachifuwa, pakamwa pali pululu. Nsapato zake zinali pansi pa bedi.